Ripper Street, Murdoch Mysteries, Miss Scarlet kapena Holmes wa Jeremy Brett: muyambe ndi iti?

Kumayambiriro kwa Disembala 2013 Jerome Flynn, uja ambiri mumamudziwa ngati Bronn wa mu Game of Thrones, anali pa wailesi ya BBC London ndipo kucheza kuli mkati anangoulula kuti Ripper Street, sewero la apolisi la pa TV lomwe iye ankaseweramo, yathetsedwa, sizoni yachitatu kulibe. Apa nkuti sizoni yachiwiri isanathe nkomwe kuonetsedwa pa BBC One. Chifukwa chake sichinali chobisika ayi, owonera anachepa. Anaiika Lolemba usiku nthawi imodzimodzi yomwe ITV imaonetsa I'm a Celebrity... Get Me Out of Here!, pulogalamu yomwe imakokolola anthu mamiliyoni ku Britain, ndiye apolisi a mu seweroli, a ku Whitechapel kum'mawa kwa London, sakanalimba. Anthu anadandaula kwambiri, masauzande anasaina pempho pa intaneti loti ibwerere, owerenga magazini ya Radio Times mpaka anaivotera kuti ndiyo inaposa mapulogalamu onse a 2013, Doctor Who yomwe kumbuyo. Mu Febuluwale 2014 Amazon inalengeza kuti yaitenga, Novembala chaka chomwecho sizoni yachitatu inatuluka pa Prime, ndipo inapitirira mpaka sizoni yachisanu mu Okutobala 2016.

Nkhani imeneyi ndi yofunika kwa inu amene mukufuna kusankha sewero la apolisi la nthawi ya Mfumukazi Victoria, yemwe analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, chifukwa masewero amenewa ndi odula kupanga, zovala, ngolo za akavalo, misewu yonse yomanga dala, ndiye owonera akangotsika pang'ono mabwana amadula osayang'ana kuti nkhani yafika pati. Mwa anayi omwe ndikambe pano palibe lomwe linayenda bwinobwino popanda kupunthwa. Awiri anathetsedwa nkudzuka, limodzi linataya wosewera wamkulu, lina linatha chifukwa wosewera gawo lalikulu anadwala nkumwalira.

Zoyenera kuona musanasankhe

Choyamba mtengo, ndipo mtengo si ndalama yolipira pa Prime kapena kugula DVD yokha, muwerengerenso bandulo ndi nthawi yanu. Ola limodzi la filimu pa intaneti limatha kudya pafupifupi 1GB chithunzi chikakhala chapakatikati, mukaika HD limatha kufika 3GB. Chachiwiri kupezeka kwake, chifukwa sewero lomwe likuoneka pa Prime ya ku Leeds mwina pa Prime ya ku Lusaka mulibe, ziphaso amagulitsa dziko ndi dziko. Chachitatu ndi zomwe likufuneni mukangoliyamba, kodi muzilipira mwezi ndi mwezi mpaka liti, kodi mukadumpha masabata awiri mudzakumbukira kuti uyu ndi ndani. Chachinayi ndi pochenjera: nkhanza zomwe zilimo, ana akhoza kukhala nanu pa balaza kapena ayi, komanso funso lomwe kwa ine limaposa onse, nkhaniyo inatha kapena anangoisiya m'malere.

Ripper Street

Inayamba pa 30 Disembala 2012, wolemba wake ndi Richard Warlow. Nkhani imayambira mu 1889, patangotha miyezi yochepa Jack the Ripper atapha amayi asanu aja mu 1888 osagwidwa, ndipo apolisi a H Division, nthambi ya ku Whitechapel, pa Leman Street akukhala ndi manyazi amenewo, mtembo uliwonse wa mkazi ukapezeka anthu akuti wabweranso. Matthew Macfadyen, yemwe kenaka anadzatchuka ndi Succession, ndi Inspector Edmund Reid, Flynn ndi Sergeant Bennet Drake munthu wa zibakera, Adam Rothenberg ndi Homer Jackson dokotala wa ku America wong'amba mitembo, ndipo MyAnna Buring ndi Long Susan mwini nyumba ya mahule. Reid anali munthu weniweni, anatsogoleradi apolisi ofufuza a H Division nthawi ya Ripper, koma za banja lake ndi zambiri zomwe amachita mu seweroli nzopeka. Ngakhale nkhani ndi ya ku London anajambulira ku Dublin.

Mtengo: masizoni asanu, atatu oyamba maepisodi 8 iliyonse, onse pamodzi 36 kapena 37 kutengera kuti episodi yoyamba ya sizoni 4 anaidula pawiri kapena ayi. Ndiye maola osakwana 40. Pa bandulo mukamaonera chithunzi chapakatikati konzekerani ma GB okwana 30 kapena 40, ndi ndalama ndithu koma ili ndi malire, mukudziwa pomwe ithere.

Kupezeka kwake: kwawo ndi ku Prime Video poti Amazon ndiyo inalipira masizoni atatu omaliza, koma musanalowetse khadi la ku banki lembani kaye dzinalo posaka muone ngati m'dziko lanu ilimo, ndipo muone ngati masizoni onse asanu alipo osati awiri okha. Ma DVD anatuluka a masizoni onse ndipo ku Britain amapezeka akale otchipa pa eBay ndi m'masitolo ogulitsa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito.

Zomwe ikufuneni: sizoni 1 ndi 2 mukhoza kuonera mwapang'onopang'ono, episodi iliyonse ili ndi mlandu wake, ina ya sitiraka ya ogwira ntchito padoko mu 1889, ina ya mantha a kolera, ndipo sizoni 2 imayamba ndi Joseph Merrick uja ankamutcha Elephant Man ali ku London Hospital. Koma kuyambira sizoni 3 zinthu zimasintha, ndipo apa mpomwe kudzuka kuja kumaonekera. Nkhani imadumpha kufika 1894, imatsegula ndi ngozi ya sitima yomwe ikugwera pa Leman Street pomwepo nkupha anthu 55, ndipo maepisodi onse 8 akuzungulira pa ngozi imeneyo, ndani anaichititsa, ndani akubisa. Sizoni 4 ili mu 1897 chaka cha chikondwerero choti Victoria wakwanitsa zaka 60 pampando, ndipo 4 ndi 5 ndi nkhani imodzi yaitali, simungayime pakati mtima sungakulolani. Chinanso ndi chizungu chake. Anthu awa sayankhula ngati a pa nyuzi, ziganizo zawo nzokhotakhota zachikale, kuphatikiza kalankhulidwe ka kum'mawa kwa London, ndiye popanda mawu olembedwa pansi pa sikirini mutaya theka la kukoma kwake. Kope lomwe mwakopetsa pa fulashi kumsika nthawi zambiri mawu amenewo mulibe.

Pochenjera: nkhanza. Episodi yoyamba yeniyeni muli mtembo wa mkazi wochekedwachekedwa komanso nkhani ya zithunzi zolaula, ndipo itangoonetsedwa anthu anadandaula ku BBC, olemba nkhani ena nkumati seweroli likudyera pa mitembo ya akazi. Madandaulo amenewa ndimawamvetsa ndipo pa episodi yoyambayo ali ndi mfundo. Kutsogolo akazi amapatsidwa mphamvu yeniyeni mu nkhani, Long Susan wa sizoni 3 ndi mmodzi mwa anthu olembedwa bwino kwambiri omwe ndinaonapo pa TV, koma magazi sachepa, Drake amamenya anthu m'chitokosi kuti aulule ndipo kamera siithawa. Ana asakhalepo. Chachiwiri, kuyambira sizoni 3 pali makope awiri. Amazon inalibe malire a ola limodzi ndiye maepisodi ena ndi ataliko, BBC pomwe inadzaonetsa mu 2015 inadula kuti akwane mu ola. Nkhani imamvekabe koma ngati mungathe kusankha tengani lalitalilo. Komanso dziwani kuti sizoni 5 ndi yakuda, yolemetsa mtima, ena omwe anakonda milandu ya sabata ndi sabata ya poyamba ija anakhumudwa nayo. Ine ndimaona kuti mathero ake ndi oona mtima, Warlow anapatsidwa mpata womaliza nkhani yake momwe amafunira, mwayi womwe masewero ambiri othetsedwa saupeza.

Yerekezani ndi Copper, sewero la BBC America la wapolisi wa ku Five Points ku New York mu 1864. Linathetsedwa mu Seputembala 2013, miyezi itatu yokha Ripper Street isanakumane ndi zomwezo, kutatsala masiku ochepa kuti episodi yomaliza ya sizoni 2 ionetsedwe, ndipo palibe anabwera kudzalitola. Maepisodi 23 nkhani nkuthera panjira. Nchifukwa chake sindinaliike pa mndandandawu ngakhale lili ndi okonda ake.

Murdoch Mysteries

Ili ndi la ku Canada, lochokera m'mabuku a Maureen Jennings. Yannick Bisson ndi William Murdoch, wapolisi wofufuza wa pa Station House No. 4 ku Toronto kuyambira 1895, Mkatolika mu mzinda womwe maudindo anali m'manja mwa Achipulotesitanti, munthu wokonda zasayansi yemwe amagwiritsa zidindo za zala ndi makina opanga yekha anzake akumudabwa. Hélène Joy ndi dokotala Julia Ogden. Nalonso linafa nkudzuka: linayamba mu 2008 pa Citytv, eni ake a Rogers analengeza mu 2011 kuti sizoni 5 ikhala yomaliza, CBC inalitola ndipo sizoni 6 inayamba Januwale 2013. Chodabwitsa nchoti ku CBC ndi komwe linakula, kuchoka pa maepisodi 13 pa sizoni kufika 18, kenaka mpaka 24.

Mtengo: apa ndiye konzekani, maepisodi anadutsa 300. Ngakhale iliyonse ndi mphindi 45 zokha, mukawerengera zikupitirira maola 200. Wa bandulo ya pafoni amene akufuna kumaliza zonse awononga ndalama zambiri kuposa masewero atatu enawa kuphatikiza pamodzi.

Kupezeka kwake: ku Canada lili pa CBC ndi CBC Gem, ku Britain kwawo ndi pa tchanelo ya Alibi, ku America limapezeka pa Acorn TV. Vuto nloti masizoni amamwazikana, apa pali khumi oyamba, atsopano ali kwina.

Zomwe ikufuneni: kunena zoona nzochepa, ndipo ubwino wake ndi umenewu. Mlandu umayamba nkutha mu episodi yomweyo, mukhoza kulisiya miyezi itatu nkudzapitiriza osasochera, chizungu chake nchomveka bwino. Chomwe chimakoka kwa nthawi yaitali ndi chikondi cha Murdoch ndi Julia basi, chomwe anachikoka masizoni ambirimbiri.

Pochenjera: musayembekezere mdima wa Whitechapel. Ndi sewero lopepuka, loseketsa, anthu otchuka amangotulukira, Nikola Tesla mu episodi yoyamba, Arthur Conan Doyle, Winston Churchill ali mnyamata, ndipo zina zomwe Murdoch amapanga zimakhala zosatheka pa nthawiyo. Komanso ngati mukufunadi nthawi ya Victoria, masizoni oyambirira okha ndiwo ali mmenemo, sizoni 5 imatha akulowa chaka cha 1900 ndipo kenaka nkhani imapitirira mu nthawi ya magalimoto ndi ndege. Mathero palibe chifukwa likupitirirabe, ndipo sewero likatalika chonchi masizoni ena amafooka, osewera ena amachoka.

Miss Scarlet and the Duke

Eliza Scarlet, yemwe akuseweredwa ndi Kate Phillips uja anali Linda mu Peaky Blinders, bambo ake amwalira mu 1882 nkumusiyira ngongole ndi ofesi yofufuza milandu, ndiye kuti asakwatiwe mokakamizika akuyendetsa yekha ofesiyo mu London momwe palibe akukhulupirira kuti mkazi angafufuze mlandu. Duke ndi William Wellington wa ku Scotland Yard, mnzake wa paubwana, Stuart Martin. Wolemba ndi Rachael New, linayamba pa Alibi mu 2020 ndipo ku America pa PBS Masterpiece mu 2021.

Mtengo: wotsika, maepisodi 6 okha pa sizoni, osakwana ola iliyonse. Sizoni yonse mukhoza kuimaliza Loweruka ndi Lamlungu.

Kupezeka kwake: Alibi ku Britain, PBS ku America, kwina konse ndi zosakasaka. Ma DVD alipo, koma onani zomwe ndalemba m'munsimu za ma region.

Zomwe ikufuneni: kudikira. Masabata sikisi latha, ndiye chaka chonse muli phee.

Pochenjera: itatha sizoni 4 Stuart Martin anachoka, dzina linasintha kukhala Miss Scarlet basi, ndipo kunabwera wapolisi wina Alexander Blake, Tom Durant-Pritchard. Ngati mwalowa chifukwa cha kukokana kwa Eliza ndi Duke, dziwiranitu kuti zomwe mukuyembekezerazo simudzaziona momwe mukufunira, ambiri anakhumudwa napo. Milandu yakenso ndi yosavuta, nthawi zina wakupha mumamudziwa Eliza asanamudziwe. Sizoni yoyamba anajambulira ku Dublin, kuyambira yachiwiri anasamukira ku Belgrade ku Serbia, ndipo wa diso lakuthwa aona kuti misewu yasintha.

Sherlock Holmes wa Granada

Ili ndi lakale, 1984 mpaka 1994 pa ITV, koma sindingalisiye chifukwa ambiri mpaka lero amati Holmes weniweni ndi Jeremy Brett. Watson poyamba anali David Burke, kuyambira 1986 Edward Hardwicke, ndipo onse awiri anamusewera ngati dokotala wanzeru osati chitsiru chongotsatira. Baker Street, msewu womwe Holmes amakhala, anaimanga ku Manchester m'bwalo la Granada, kampani yomwe inapanga seweroli.

Mtengo: maepisodi 41, asanu mwa amenewo ataliatali ngati filimu. Chithunzi ndi cha TV zakale za bokosi zija, ndiye palibe chifukwa chowonongera bandulo pa HD. Bokosi la DVD la onse ndi limodzi mwa zinthu zosavuta kupeza ku Britain.

Kupezeka kwake: poti ndi la ITV limazungulira pa matchanelo awo ndi pa BritBox, malo olipira oonera masewero a ku Britain pa intaneti. Koma apa pali phunziro kwa a ku Joni, BritBox inatsegula ku South Africa mu 2021 nkutseka mu Ogasiti 2024, amene ankadalira pamenepo anangodzuka masewero awo kulibe. Pa sewero ngati ili lomwe mudzafune kubwereza, chimbale chili m'kabati chimaposa akaunti.

Zomwe ikufuneni: palibe, yambirani paliponse, nkhani iliyonse ndi yoima payokha.

Pochenjera: Conan Doyle analemba nkhani 60 za Holmes ndipo sanazimalize kujambula, Brett anamwalira pa 12 Seputembala 1995. Zaka zomalizazo ankadwala mtima komanso matenda a maganizo, mankhwala anamutupitsa, ndipo mukaonera The Memoirs of Sherlock Holmes ya 1994 mutangochoka pa masizoni oyamba zimapweteka, munthu uja ankadumpha mipando akupuma movutikira pakati pa mawu. Mu The Mazarin Stone amangooneka pang'ono, mlandu amayendetsa ndi Mycroft mkulu wake, Charles Gray. Mafilimu ena ataliatali a m'ma 1990 anawakoka mopitirira muyeso nkuwonjezera zomwe m'buku mulibe. Yambani ndi The Adventures ndi The Return, mmenemo ndi momwe muli Brett wamphamvu. Liwiro lakenso ndi lapang'onopang'ono, achinyamata ozolowera za masiku ano akhoza kutopa episodi isanafike pakati.

Za DVD ndi makadi

Izi zikukhudza onse anayi ndiye ndinene kamodzi. Ma DVD ali ndi ma region, kutanthauza kuti chimbale amachipanga kuti chiziwerengeka m'makina a chigawo chimodzi cha dziko lapansi, a ku Britain ndi South Africa ndi Region 2, a ku America ndi Canada ndi Region 1, pomwe Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali mu Region 5. Ma DVD player ambiri otchipa a m'misika yathu amawerenga chilichonse, koma a makampani akuluakulu ndi ma laputopu ena amakana, ndiye musanatume m'bale wanu wa kunja kuti akugulireni bokosi yesani kaye chimbale chimodzi cha komweko. Kwa a ku Malawi kulipira mwezi ndi mwezi pa khadi kumavutanso chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mwezi uno zadutsa mwezi wamawa khadi lakanidwa muli pakati pa sizoni. A ku Britain kumbukirani kuti kuonera chilichonse pa BBC iPlayer kapena TV yomwe ikuulutsidwa nthawi yomweyo kumafuna chiphaso cha TV Licence, chomwe tsopano chikupitirira mapaundi 170 pachaka. Makope okopetsa pa fulashi ndi otchipa inde, koma ndi akuba, episodi ina imasowa, ina mawu ndi milomo sizigwirizana, ndipo pa Ripper Street simudziwa kuti mwapatsidwa lodulidwa kapena lathunthu.

Ndiye ndani atenge chiyani

Ngati ndinu wamkulu, mumaonera nokha kapena ndi akunyumba ana atagona, ndipo mukufuna nkhani yomwe ili ndi poyambira ndi pothera, tengani Ripper Street. Lipirani Prime miyezi iwiri kapena itatu ngati m'dziko lanu ilimo, dawunilodani maepisodi pa wifi kapena pa bandulo ya usiku, mukamaliza tsekani akaunti. Musaiweruze ndi episodi yoyamba yokha, ipatseni mpaka yachitatu kapena yachinayi, ndipo ngati nthawi ndi yochepa mukhoza kuyima pa mapeto a sizoni 3 chifukwa anailemba asakudziwa ngati kudzakhala ina, imatseka bwino. Koma mukangoyamba sizoni 4 muyenera kufika kumapeto a 5.

Ngati TV ndi imodzi pa balaza ndipo pamakhala agogo, ana a sekondale ndi alendo, Murdoch Mysteries ndiye yoyenera, bola mukhale ndi wifi yopanda malire kapena tchanelo yomwe ikuionetsa kale. Pa bandulo ya pafoni sankhani masizoni angapo, monga 1 mpaka 8, osalimbana nkumaliza zonse.

Amene mumagwira mashifiti, a m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain kapena ausiku kulikonse, ndipo mumangopeza Loweruka limodzi pa mwezi, Miss Scarlet ikukwanirani, sizoni imodzi nthawi imodzi ndipo siikusiyani ndi maloto oipa. Okonda nkhani ya chikondi muyime pa sizoni 4 kaye muone ngati mtima ukufuna kupitiriza popanda Duke.

Komwe netiweki ndi yovuta, magetsi amathimathima ndipo khadi la ku banki silidalirika, gulani bokosi la DVD la Holmes wa Jeremy Brett kamodzi basi. Magetsi akathima pakati pa episodi simunataye kalikonse, ndipo kwa mwana wa Fomu 3 kapena 4 amene akufuna kuzolowera chizungu chomveka bwino, Brett ndi Hardwicke amatchula mawu aliwonse bwinobwino. Likakhala kuti bokosi la Ripper Street lapezekanso motchipa kwa yemweyo akukutumiziraniyo, muuzeni aonetsetse kuti ndi la masizoni onse asanu ndipo kuseri kwake kwalembedwa kuti muli mawu owerenga pansi pa sikirini.